Kabati Yachitsulo M'chipinda cha Ufulu

Wakefield
12 Malichi 2005

Okondedwa achimwene a Dunstan,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi moyo wabwino pamodzi ndi alamu ndi onse kwathu ku Bilira. Ife kuno tilipo, ine ndi Temwa, kungoti chisanu chikukana kutha. Tikumva kuti mvula inadula mu Febuluwale chimanga chikungomasula kumene. Mundiuze zoona zake za kumunda, musandibisire.

Ndili ndi pempho, koma muyambe mwawerenga mpaka pansi musanapukuse mutu. Kuyambira Okutobala ndakhala ndikupita Loweruka lililonse ku kalabu ina yowombera chandamale kunja kwa tauni ino. Ndi masewera chabe, monga ena amakhalira pa bawo. Ambiri ndi madala opuma ntchito. Mlembi wa kalabuyo, a Harvey, anakalambira m'migodi ya malasha, ndipo ndi amene akundiphunzitsa. Timaima mamita 25 kuchokera pa pepala la mikombero yakuda, titatseka m'makutu, n'kumapikisana kuti ndani alase pakati.

Miyezi isanu ndi umodzi yondiyesa ikutha mu Epulo, ndiye ndikhoza kupempha laisensi yokhala ndi volovolo yangayanga. Malamulo a kuno ndi okhwima. Timfuti tobisa m'thumba tija analetseratu. Zololedwa ndi zamitundu iwiri. Ina ndi yachikale, yothira onga ndi manja ngati gogodela ya bambo ija, kungoti iyi ili ndi mabowo asanu ndi limodzi ozungulira. Kuilonga kokha kumadya mphindi khumi, ndipo ikalira utsi umadzaza shedi yonse. Inayo ndi yamakono, ya zipolopolo zopangiratu, koma anaitalikitsa dala mpope n'kuwonjezera chitsulo kuchigwiriro kuti munthu asathe kuibisa m'jekete. Yachikaleyo ndazolowera ya kalabu. Yamakonoyo lamulo silindilola kuwombera mpaka itakhala yanga. Mtima wanga uli pawiri.

Apolisi a kuno akufuna mboni ziwiri zondidziwa bwino, ndipo andipempha chikalata cha apolisi a kwathu chotsimikiza kuti ndilibe mlandu ku Malawi. Ndaikamo fomu ya zidindo za zala zanga. Chonde mupite nayo kulikulu la apolisi ku Lilongwe, ndipo chikalatacho chikatuluka munditumizire msanga. Popeza tsopano munapuma pa uphunzitsi, ndikudziwa kuti mpata muupeza.

Ine mng'ono wanu,
Eugene

Bilira, Ntcheu
4 Epulo 2005

Iwe Eugene,

Tonse tili bwino, kaya inu uko. Kumunda usafunse. Tikolola zongokwana kukazinga.

Kalata yako ndaiwerenga katatu, kachitatu nditabwereka magalasi a alamu ako poganiza kuti angawa akundinamiza. Bambo anali ndi gogodela chifukwa nguluwe zinkatha chimanga kudimba. Kodi ku Wakefield kuli nguluwe? Unapita kumeneko kukaphunzira zopima magazi, unapeza ntchito yabwino kuchipatala, lero ukundiuza kuti ukusankha mfuti ngati munthu akusankha nsapato. Ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo mwana akati "ndi masewera chabe" ndinkadziwiratu kuti wina watuluka magazi kuseri kwa kalasi.

Ndikufunse mosapita m'mbali. Wayambana ndi ndani?

Ndikufunsa chifukwa mayi Thompson a ku Rotherham aja anabwera kumaliro a amalume awo mu Febuluwale, ndipo anauza alamu ako kuti Temwa amamuona kawirikawiri m'galimoto ya bambo wina wa kumpingo kwanu, dzina lake Overton. Ine ndinazitenga ngati nkhani za pamaliro, zongothera pomwepo. Koma kalata yako itafika, ziwirizi zakhala zikugundana m'mutu mwanga. Usaiwale kuti nkhoswe wa banja lako ndine. Ngati pali nkhani, njira yake ndi ine, osati chitsulo.

M'kalata yako yonse dzina la mkazi wako latuluka kamodzi kokha. Kodi akudziwa za pempho lakoli?

Ku Lilongwe ndipita mwezi wamawa. Koma undiyankhe.

Mkulu wako,
Dunstan Malita

Wakefield
6 Epulo 2005

Alamu a Dunstan,

Landirani moni kuchokera kwa ine mlamu wanu Temwa. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi a kunyumba. Kalatayi ndikulembera kuntchito pa nthawi yopuma, ndipo a Eugene sakudziwa. Mukamayankha mulembe pa adiresi ya nyumba yosamalira okalamba imene ndaika pansiyi, osati ya kunyumba. Ndikanaimba foni, koma kwanuko netiweki mpaka munthu akwere pachulu, ndipo iyi si nkhani yokuwa.

Mukudziwa kuti mu Juni chaka chatha tinataya mwana wathu Ufulu atangokhala masiku anayi. Chimuikireni m'manda kuno, ang'ono anu sanatchulepo dzina lake. Kutchalitchi anasiya. Akaweruka amakhala m'galimoto panja pa nyumba mwina ola lathunthu, injini atazimitsa, maso ali kutsogolo. Ndikagogoda pagalasi amadzidzimuka ngati ndawadzutsa kutulo.

Atayamba zowombera mfutizi ndinati bola, apeza anzawo ocheza nawo. Koma Loweruka lapitali, pochokera ku shifiti, ndinamva makina oboolera khoma akulira m'chipinda cha m'mwamba. Nditakwera ndinawapeza m'chipinda chimene tinakonzera mwana. Kabedi kaja anali atakakankhira pakona, akukhomerera kukhoma kabati yachitsulo yofika m'chifuwa mwanga.

Ndinati, "Abambo, ichi ndiye chiyani?"

Anati, "Apolisi sapereka laisensi ngati ulibe posungira."

Ndinati, "M'chipinda chino?"

Anati, "Khoma la njerwa ndi lokhali. Enawa ndi amatabwa."

Ndipo ankaimba mluzu, alamu. Miyezi khumi munthu osaseka, lero akuimba mluzu ali ndi sipanala m'manja. Mwina ndinayenera kukondwa. Koma ine ndinangotsika n'kuwasiya ali ndi kabati yawo.

Masiku ano amandifunsa mashifiti anga mwatsatanetsatane n'kumalemba pa kalendala: ndichoka nthawi yanji, ndibwera nthawi yanji. Kale analibe nazo ntchito. Sindikudziwa ngati akufuna kudziwa nthawi imene ndili pakhomo kapena nthawi imene palibepo. Zonse ziwiri zikundiopsa.

Akuti wapolisi woona za malaisensi adzabwera kudzaona kabatiyo, ndipo mwina adzafuna kulankhula nane pandekha. Ndikanena kuti ndikuopa, laisensi yatha, ndipo a Eugene adzadziwa kuti ndine. Ndikanena kuti zonse zili bwino, mfuti ilowa m'nyumba. Ndinu ankhoswe athu. Ndiuzeni chochita, koma chonde musawauze kuti ndalemba.

Yewo chomene,
Temwa

Wakefield
30 Epulo 2005

Achimwene,

Moni kwa nonse. Pepani ndi za kumunda. Tikambirana bwino za chimanga mwezi ukatha.

Kalata yanu yandipweteka. Sindinayambane ndi munthu. Pa bwalo lathu ukangoloza mfuti kumbali, ngakhale yopanda kanthu m'kati, a Harvey amakutulutsa ndipo subwereranso. Amenewo ndi anthu osamala kuposa madalaivala onse a minibasi a pa Balaka kuwaphatikiza.

Za a Overton ndinaseka nditawerenga. Ndi mkulu wa mpingo wathu ku Rotherham, ndipo amamutenga Temwa Lamlungu chifukwa ine masiku ano sindipitako. Ndiponso ndi mmodzi wa mboni zanga ziwiri. Koma achimwene, mwandisiyira chisa cha nyerere m'mutu. Fomu ya umboni ija ali nayo masabata atatu tsopano osaibweza. Mnzanga wa kuntchito anasaina tsiku lomwelo. A Overton ndikawaimbira akuti atanganidwa. Munthu wopanda chifukwa angaoperenji kusaina kuti ndine woyenera kukhala ndi mfuti? Ndinayamba kulemba mashifiti a Temwa pa kalendala kuti ndizisintha masiku anga a kalabu tizipezana pakhomo. Tsopano kalendala yomweyo ndikuiwerenga ndi maso ena, ndipo sizikundisangalatsa.

Loweruka a Harvey ananditengera kusitolo ya mfuti kufupi ndi Leeds. Yamakono ija ndinaigwira. Ndi yonyansa poiona, yaitali ngati nkhwangwa, koma m'manja imakhazikika bwino, chitsulo cha kuchigwiriro chija chimatsamira pamkono. Imalandira zipolopolo zisanu ndi chimodzi nthawi imodzi, ilibe utsi, ndipo kuitsuka sikuvuta. Yachikale imafuna madzi otentha ndi sopo tsiku lililonse ukaiwombera, apo ayi imachita dzimbiri. A Harvey akuti nditenge yachikale. Akuti mfuti yochedwa imaphunzitsa munthu kudikira. Ine ndikupendekera ku yamakono. Ndikufuna yanga, yokhala m'nyumba mwanga, yoti ndizitha kuigwira ndi kuzolowera kulemera kwake ngakhale pakati pa sabata.

Mwafunsa chimene ndimapezamo. Ukatambasula mkono, n'kutulutsa mpweya theka, wotsalawo n'kuugwira, m'mutu mumangoti zii. Palibenso kwina kumene mutu wanga umati zii. Sindingathe kufotokoza kuposa apa.

Temwa akudziwa, kabati anaiona. Chatsala ndi chikalata chanu chija.

Eugene

Bilira, Ntcheu
16 Meyi 2005

Alamu Temwa,

Ndalandira kalata yanu, ndipo ndathokoza kuti munandikhulupirira. Kuno tilipo. Kalata zathu zinaphonyana panjira. Ndikanaona yanu ndisanalembe yanga, mawu ena sindikanawalemba.

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga. Ndinamulembera Eugene za mphekesera imene inafika kuno, yoti mumayenda m'galimoto ya a Overton. Ndinaganiza kuti mfutiyo ndi ya nsanje. Tsopano ndikuona kuti nsanje panalibe, ndaibzala ndine. Komabe monga nkhoswe ndiyenera kukufunsani kamodzi, ndipo sindidzabwerezanso: pali kanthu pakati pa inu ndi bambo ameneyu? Nanga akuikaniriranji fomu ya umboni ya Eugene?

Tsopano mundiyankhe mafunso awa, ngakhale aoneke achabechabe. Kodi wayamba kugawa zinthu zake zimene ankazikonda? Kodi wakonza zinthu zowonongeka zonse za pakhomo nthawi imodzi? Kodi waika mapepala a nyumba ndi a ntchito pamalo amodzi n'kukuonetsani? Musandifunse chifukwa chake. Mzere wanu wa mluzu uja wandilanda mtendere.

Ku Lilongwe ndinapita, ndipo chikalata cha apolisi chinatuluka pa 9 mwezi uno. Chili pansi pa sutikesi yanga. Sinditumiza. Ndamulembera Eugene kuti maofesi akuchedwetsa, ndipo ndipitiriza kutero mpaka ndione kumene zikulowera. Popanda chikalatachi wapolisi wanuyo sabwera, ndiye inu simudzafunika kunena kanthu. Bodza likhale langa, inu manja anu akhale oyera.

Kalatayi mukawerenga muing'ambe.

Mlamu wanu,
Dunstan

Wakefield
2 Julayi 2005

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa munandilera, koma mtima wanga suli pa moni.

Mwandilembera kawiri kuti chikalata chikuchedwa ku maofesi. Ndinakhulupirira. Nditatopa ndinaimbira James, mnzanga uja tinali naye kukoleji, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, kuti akandifunsire. Anapita Lachitatu. Anamuonetsa m'kaundula. Chikalata changa chinatengedwa pa 9 Meyi, ndipo wosaina ndi D. Malita. James anandifotokozera ngakhale mchira wautali uja mumaika pa M.

Si zokhazo. Lachisanu ndinkafuna makiyi a galimoto m'chikwama cha Temwa cha kuntchito. Ndinapezamo envelopu ya sitampa ya Malawi, zilembo zanu, dzina lake, adiresi ya kuntchito kwake. M'kati munalibe kanthu. Nditamufunsa anati, "Afunseni achimwene anu." Ndinati, "Ndikufunsa iwe." Anangolira.

Lamlungu ndinapita ku Rotherham koyamba m'chaka chathunthu. Sindinalowe. Ndinadikira a Overton poimika magalimoto. Ndinati, "Akulu, fomu yanga kapena mundiuze chimene mukuopa." Anati, "Eugene, tiyeni tikhale pansi tikambirane." Ndinati, "Mumakambirana kale ndi mkazi wanga, sizikukwanani?" Anthu anali akutuluka m'tchalitchi ndipo onse anamva. Sindinamugwire munthu, koma ndinaona azimayi akukokera ana awo kumbuyo. Ine, achimwene. Akukokera ana kumbuyo chifukwa cha ine.

Ndiye ndiuzeni. Munayamba ndi kundiuza kuti mkazi wanga akuyenda ndi munthu. Kenako mukulemberana naye mobisa. Mukubisa chikalata changa. Mboni yanga ikuthawa. Nonse atatu mukudziwa chinthu chimodzi chimene ine sindikuchidziwa. Ngati banja latha ndipo mukuopa kuti ndikadziwa ndili ndi mfuti ndichita zoopsa, nenani. Ndine munthu wa zaka 34, wopima magazi a anthu tsiku ndi tsiku popanda kulakwitsa. Sindine chilombo choti muzichizungulira patali.

Volovolo ndinasankha, yamakono ija, ndipo mwini sitolo akundisungira mpaka kutha kwa Ogasiti. Koma tsopano nkhani si mfutinso. Ndikufuna ndidziwe amene akundinamiza, ndi chifukwa chake.

Eugene

Rotherham
5 Julayi 2005

Alamu,

Moni. Ndikulemba mothamanga. Ndili kwa mnzanga Daphne ku Rotherham kuyambira Lolemba. Sanandithamangitse ndipo sanandimenye. Ndinachoka ndekha chifukwa m'nyumba muja munthu amandiyang'ana ngati wakuba. Kalata yanu ndinang'amba monga munanenera, koma envelopu ndinaiwala. Pepani.

Funso lanu la a Overton ndiyankha kamodzi, monga inunso munafunsira kamodzi. Palibe kanthu. M'galimotomo mumakhalanso akazi awo ndi ana awo atatu, ine ndimakhala kumbuyo nditanyamula ng'oma ya kwaya pamiyendo. Mayi Thompson anaona mutu wanga wokha. Fomu akuikanirira chifukwa ndinawapempha ndine, mu Epulo, ndisanalandire yankho lanu. Munthu wosalakwa wanyozeka pamaso pa mpingo chifukwa chondimvera chisoni.

Mafunso anu ena aja. Gitala yawo anapatsa mwana wa a Overton mu Malichi. Mpopi wa kubafa umene unkadontha chaka chonse anakonza, ndi chitseko cha kukhitchini, sabata imodzi. Mapepala sanandionetse. Ndiye ziwiri mwa zitatu. Tsopano ndiuzeni, mafunso amenewa munawatenga kuti?

Alamu, munati bodza likhale lanu, koma likugwera ine. Tinkafuna kutchinga mfuti, tagumula nyumba. Ndipo chimene ndinkaopa chija chachitika: ali okhaokha m'nyumba muja, akuganiza kuti tonse tawaukira. Ndimawaimbira m'mawa uliwonse, amayankha kuti "ndilipo" n'kudula. Auzeni zoona. Mukapanda kutero ndiwauza ndine zimene ndikudziwa, koma ndikuona kuti inu mukudziwa zambiri.

Temwa

Bilira, Ntcheu
22 Julayi 2005

Eugene mng'ono wanga,

Kalata yako ndi ya Temwa zafika tsiku limodzi. Amene wakunamiza ndine. Chikalata chako ndi ichi, ndachiika m'kati muno. Koma uwerenge kaye.

Temwa alibe mlandu. Anandilembera mu Epulo chifukwa ankakuopera iwe, osati kuti anali ndi chobisa. A Overton anagwira fomu chifukwa iye anawapempha, ndipo ukawapepese pamalo pomwe unawanyozera. Mphekesera ija inali yabodza, ndipo ndinalakwa kuinyamula.

Tsopano imva chifukwa changa. Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene bambo anamwalira mu 1978. Tinakuuza kuti gogodela inalira mwangozi akuitsuka kudimba. Sinali ngozi, Eugene. Bambo anadzipha.

Mchemwali wathu Edwina, amene unapondana naye, anamwalira ndi chikuku chaka chimenecho chisanafike. Bambo ndi amene anamubereka kupita naye kuchipatala, ndipo anawafera kumsana ali panjira. Kuchokera pamenepo anasiya kulankhula. Ankapita kudimba n'kukakhala pachitsa tsiku lonse, khasu lili pambali. Dzina la Edwina silinamvekenso pakamwa pawo. Tinkati nthawi iwachiritsa.

Ndiye sabata ina anasintha. Anafolera nkhokwe, anakonza goli la ng'ombe, njinga yawo anapatsa amalume. Ankaimba mluzu. Ine ndinali nditabwera kutchuthi kuchokera kusukulu imene ndinkaphunzitsa, ndipo ndinauza amayi kuti, "Mwaona, bambo achira." Lachinayi anandituma kukagula onga kwa munthu wina ku Sharpevale, akuti nguluwe zabwereranso. Ndinapita, ndinabwera nawo, ndinawapatsa m'manja. Loweruka m'mawa ndinawapeza ndine.

Amayi anandilumbiritsa kuti iwe usadzadziwe. Ndasunga lumbirolo zaka 27, ngakhale iwo anapita kalekale. Temwa atandilembera kuti umakhala m'galimoto osalankhula, kuti sutchula dzina la mwana wako, kuti wayamba kuimba mluzu ukukhoma kabati ya mfuti, ndinaona dimba lija. Kenako ndinayang'ana fomu yako ili patebulo, ndipo ndinaona kuti wandituma ulendo womwe uja. Sindikanatha kuupitanso kachiwiri.

Mwina ndalakwitsa. Mwina iwe ndi masewera ndithu, ndipo ndakuyeza ndi muyezo wa munthu wina. Ngati ndi choncho, ndaphwasula banja lako pachabe ndipo ndilibe chodzitetezera. Ndinayenera kukufunsa maso ndi maso, monga mmene ndinayenera kuwafunsira bambo. Ndiye ndikufunsa tsopano, ndipo undiyankhe zoona ngakhale ine sindinakuuze zoona: unaganizapo zodzichotsa moyo?

Chikalata chili m'manja mwako. Sindingakuletsenso kanthu.

Mkulu wako,
Dunstan

Bilira, Ntcheu
9 Seputembala 2005

Alamu Temwa,

Moni. Masabata asanu ndi awiri apita chitumizireni kalata ija ndipo sindinamve kanthu. Ndimapita kupositi Lachiwiri ndi Lachisanu, mpaka mayi wa pakauntala amangopukusa mutu ndisanalowe. Ndakwera pachulu katatu, foni yake imangoitana. Sindikupempha kuti andikhululukire. Mungondiuza ngati ali moyo, ndi kumene inu mukugona.

Dunstan

Wakefield
8 Okutobala 2005

Achimwene,

Ndili moyo. Temwa wandionetsa kalata yanu ya mu Seputembala ndipo wati ndikapanda kulemba lero, alemba yekha. Anabwerera kunyumba pa 20 Ogasiti. Moni kwa alamu.

Sindinayankhe chifukwa ndinakwiya, ndipo mkwiyo sunathe wonse. Mukukumbuka ndili Sitandade 5, pamene ndinamenya mwana wa a Uchizi mpaka kumuthyola dzino? Munali mutasamukira pasukulu yathu. Munandifunsa chifukwa, ndinakuuzani kuti wanditcha mwana wa munthu wodzipha. Munandikwapula zikoti zinayi pamaso pa kalasi, n'kunena kuti munthu samenyera mabodza. Kuyambira tsiku limenelo ndinkadziwa theka, ndipo theka linalo ndinkadikira kuti mudzandiuza ndikakula. Ndinakula, ndinakwatira, ndinaika mwana wanga m'manda, inu muli chete.

Funso lanu ndiyankha. Inde. Kawiri, mu Januwale, ndili m'galimoto panja pa nyumba. Sindinaganize za mfuti, ndipo pa bwalo lowombera mpamene maganizo amenewo sanandipezepo. Gitala ndinapereka chifukwa ndinkaiimbira mimba ya Temwa ndipo sindinkafuna kuionanso. Mluzu ndinkaimba chifukwa tsiku limenelo ndinalasa pakati kanayi motsatizana. Ndikanakonda kukuuzani kuti munalakwitsa kotheratu. Koma nditawerenga kalata yanu ndinakwera m'chipinda chija, ndinatsegula kabati yopanda kanthuyo, n'kudzifunsa chifukwa chimene ndinkafunira kwambiri mfuti yokhala m'nyumba, yolonga msanga, pamene ya kalabu inkandikwanira. Yankho lomveka sindinalipeze. Zimenezo zinandiopsa kuposa kalata yanu.

Loweruka lotsatira ndinawauza a Harvey zonse, tili m'shedi tikutsuka mfuti ndi madzi otentha. Ndinkayembekeza kuti andichotsa m'kalabu. Anapukuta manja, kenako anati, "Uyambe wakaonana ndi dokotala wako. Akakulola, yachikale ija izikudikira muno Loweruka lililonse. Kiyi amakhala ndi ine, ndipo ukamawombera ndiziima pambali pako monga kale." Kwa dokotala ndinapita ndi Temwa. Pali mayi wina wa uphungu amene ndimakacheza naye Lachiwiri lililonse. Tsiku loyamba ndinangokhala. Lachitatu lake tinapita ndi Temwa kumanda a mwana wathu.

Ndiye kusankha kuja kwatha. Ndinalembera apolisi kuti pempho langa ndalibweza, ndipo mwini sitolo yamakono ija anagulitsa kwa wina. Ndatsala ndi yothira onga, imene si yanga n'komwe. Ndayambiranso sabata yatha. Zipolopolo ziwiri zinapita kunja kwa pepala.

A Overton ndinawapepesa poimika magalimoto pomwe paja, anthu akutuluka. Anandikumbatira, koma akazi awo mpaka lero sandiyankha moni.

Tikubwera pa Khirisimasi. Tisanabwere ndikufuna mundiyankhe chinthu chimodzi, chifukwa tsopano chilichonse chimene munandiuzapo ndikuchitembenuza kuti ndione kunsi kwake. Manda aja mumandionetsa, a mtanda wachitsulo pafupi ndi mtengo wa mthethe, ndi a bambo enieni? Ndamva kuti anthu ofa motero kale sankawaika pamodzi ndi anzawo.

Eugene

Bilira, Ntcheu
27 Okutobala 2005

Eugene,

Kalata yako ndinaiwerengera pakhonde la positi, ndipo ndinakhala pomwepo mpaka dzuwa litapendeka. Zikomo poyankha. Umuthokozere Temwa, ndi mzungu wakoyo, a Harvey.

Za zikoti zija ndinalakwa. Ndinkadziwa kuti mwanayo wanena zoona pamene ndinkakukwapula.

Manda ndi omwewo. Pamenepo sindinakunamize. Koma nthawi imeneyo malowo anali kunja kwa manda, patchire. Manda ndi amene anakula n'kuwapeza. Ampingo anakana kudzaimba ndipo adzukulu anakana kukumba. Tinakumba anthu asanu, tinawanyamula tokha, amalume n'kunena pemphero lalifupi. Iwe tinali titakutumiza kwa azakhali ku Kasinje. Mtandawo ndinakazika ndekha patapita zaka zitatu, osapempha chilolezo kwa aliyense.

Sindikuyembekeza kuti ukhulupirire chifukwa choti ndanena ine. Mwa anthu asanu aja, awiri adakali moyo, a Yewo a kuseri kwa msika ndi msuweni wathu Edmund. Ndawauza kuti ukubwera ndi kuti lumbiro lija latha. Ndidzakuperekeza mpaka pakhomo pawo, kenako ine ndidzabwerera, kuti ukawafunse chilichonse ine kulibe.

Mkulu wako,
Dunstan